Ndinawotcha Masokosi a Mlamu Wanga

1

Dzina langa ndine Consolata Daka. Ndimakhala m'mudzi wina pafupi ndi Minga, ndipo kwathu amandidziwa pa zinthu ziwiri: kuphika pa maukwati ndi pakamwa. Za kuphika sindidandaula nazo. Pakamwa ndi pamene pandilembetsa nkhaniyi, chifukwa ndinatsala pang'ono kupasula banja la mlongo wanga, uku ndikudzitama kuti ndikumupulumutsa.

Mlongo wangayo ndi Eustace. Ndinamulera ndine amayi atamwalira iye ali giredi folo, choncho ngakhale lero ali ndi ndevu komanso ntchito ya zaulimi ku boma la Nyimba, kwa ine akadali mwana uja ndinkamutsuka zipsera kumapazi. Atabweretsa Joana kuti akufuna kumukwatira, abale ena ananyinyirika. Makolo a Joana anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo n'kukhazikika ku Ndake, ndiye anthu ankanong'ona kuti a kutsidya amadziwa mitengo. Amene anawatseka pakamwa ndinali ine. Mtsikanayo anali mphunzitsi, waulemu, wansangala, ndipo pa gule ankachita kuthyola chiuno.

Kwathu mkazi wa mlongo wako ndi mkazi wako. Ine ndinkamutcha "mkazi wanga," iye n'kumanditcha "amuna anga," ndipo tinkanyozana mpaka misozi ya chiseko. Pa khitchini pate ya mwana wa mnzanga Rita ku Petauke, phwando la amayi lolangiza mkwatibwi, mwezi wa Epulo chaka chatha, ine ndinali wogwira maikolofoni, iye anavina mpaka amayi onse anaimirira. Limenelo ndilo tsiku lomaliza kumuona akuvina, koma pa nthawiyo sindinaganizepo kanthu.

Mu Okutobala Eustace anatumizidwa ku Ndake kwa masabata angapo kukalemba alimi. Ndinanyamula thumba langa la nsawa n'kupita ku Nyimba kuti ndikathandize Joana ana atatu aja. Amene anafikako ku Nyimba mu Okutobala akudziwa kuti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Koma Joana ndinamupeza atavala diresi lofika m'mapazi, ndipo atawerama kuti alandire thumba ndinaona masokosi okhuthala, othina, a mtundu wa tiyi wamkaka.

"Mkazi wanga, ni chani ichi? Masokosi na dzuwa ili? Ufuna uphike miyendo?"

"Ni fashoni chabe, amuna anga," anatero, n'kukokera diresi pansi.

Sanaseke. Joana amene ndinkamudziwa akanandibwezera mawu atatu pa amodzi.

2

Ine maso anga sagona. Pasanathe masiku atatu ndinali nditaona zambiri.

Joana, munthu amene ankakonda madzi osamba otentha ngati ososolera nkhuku, tsopano ankasamba ozizira okhaokha. Padzuwa sankakhalapo, ngakhale kuyanika zovala ankadikira mthunzi ufike pa chingwe. Akaweruka kusukulu ankagona pa mkeka miyendo atayisanjika pa mpando. Ndipo madzulo aliwonse, dzuwa likapepa, ankatuluka n'kuyenda mpaka kumsewu waukulu n'kubwerera, osagula ngakhale tomato mmodzi.

"Uyenda kukaona ndani ku msewu?" ndinamufunsa.

"Niyenda chabe kuongola miyendo."

Anandiuzanso kuti anapita ku Lusaka kawiri, mu Seputembala ndiponso kutatsala masiku awiri kuti ine ndifike, ku maphunziro a aphunzitsi. Mawa lake ndinakumana pa msika ndi mayi wina amene amaphunzitsa naye sukulu imodzi. Ndinamuyamikira kuti boma likuwakumbukira ndi maphunziro a ku Lusaka. Mayiyo anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitchaina.

"Maphunzilo ati, amai? Ise chaka chino sitinapiteko olo ku Petauke."

Ndinabwerera kunyumba nsawa zanga osagulitsa.

Lachisanu m'mawa ndinalowa kuchipinda kwake osaodira, ati ndikufuna mafuta odzola. Ndinamupeza atakhala pa bedi, sokosi imodzi ili m'manja. Zimene ndinaona pa mwendo uja sindidzaziiwala. Kuyambira kuseri kwa bondo kukwera m'ntchafu munali mizere yakuda, ina yofiirira, yokhotakhota, ndipo m'mbali mwa mizereyo munali timadontho tondondozana. Pena panali potupa ngati njere za nyemba pansi pa khungu.

Joana anadzifunditsa chitenje msangamsanga.

"Eustace akumenya?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa kuti mlongo wanga sangaphe ngakhale nsikidzi.

"Iyayi."

"Manje ni chani?"

"Zizapola, amuna anga. Osafunsa."

Ndinatuluka mafuta aja osatenga.

3

Rita, mnzanga uja wa khitchini pate, amagulitsa nthochi pa siteshoni ya mabasi ku Nyimba. Ndinamukokera kuseri kwa mabasiketi n'kumufotokozera zonse. Sanadikire kuti ndimalize.

"Ni mphini izo, Consolata. Anakatemela mlongo wako. Siuziwa kuti ng'anga ikakutema ikupatsa malamulo? Osasamba madzi yakupya, osaonetsa pa dzuwa, osavula chamene yakumanga. Manje iwe ufuna umboni wina wabwanji?"

Zinagwirizana zonse ngati chivindikiro pa poto wake. Ndinayamba kukumbukira kuti Eustace chaka chimenecho anabwera kumudzi kamodzi kokha, ndipo atabwera anafulumira kubwerera. Ndinakumbukira tsiku lina ndinamupeza akutsuka mbale mkazi wake atakhala. Ndinakumbukiranso mawu a abale aja, oti a kutsidya amadziwa mitengo, ndipo ndinadziona wopusa kuti ndinawatsutsa. Galu wamkota sakandira pachabe, ndinadziuza.

"Mphamvu ili mu masokosi muja," anatero Rita. "Ukachotsa aja, mankhwala yasukuluka."

Joana anali ndi mapeya awiri. Loweruka m'mawa peya imodzi inali yochapa, atayanika pa zenera la kuchipinda, ndipo inayo anaivula n'kuisiya pa bedi polowa m'bafa. Mbaula inali ikuyaka panja. Ndinatenga onse anayi n'kuwaponya pa makala. Anafwamphuka n'kusungunuka, akununkha ngati pepala la pulasitiki, ndipo ine ndinaimirira pomwepo ndikunena Atate Athu.

Joana anatuluka atamanga chitenje chofika pansi.

"Amuna anga, mwaonako masokosi yanga?"

"Nashoka. Yali pa mbaula apo."

Anayang'ana mbaulayo nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi pa khonde.

"Simuziwa chamene mwachita," anatero motsitsa mawu. "Kuno siyapezeka yaja."

"Niziwa kuti siyapezeka. Ng'anga yako ili kuti? Ku Lusaka olo ku Tete?"

Anandiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe. Kenaka analowa m'nyumba. Tsiku lomwelo anakagula mabandeji ku famasi n'kudzikulunga, koma ankangomasuka akamayenda. Kukhala chete kwake ine ndinakuwerenga ngati kuvomera mlandu.

4

Eustace anabwera Lachiwiri masana pa njinga yake yamoto. Sindinamulole ngakhale kuvula majombo. Ndinamukhazika pansi pa mtengo wa mango n'kumuthira zonse, za maphunziro abodza, za maulendo a kumsewu, za mizere ya m'ntchafu.

"Asisi, Joana ni munthu wa pemphelo," anatero.

"Nanga iwe miyendo ya mkazi wako unaiona liti?"

Anavomera kuti kuyambira mwezi wa Meyi Joana savula iye akuona, ndipo chifikire Seputembala amangoti watopa. Anaimbira foni ahedi a pasukulu, ine ndili pomwepo, ndipo anamuuza kuti Joana anapempha masiku a kuchipatala, osati a maphunziro. Nkhope ya mlongo wanga inasintha. Ine ndinali nditadzala mbewu ya mankhwala, koma mwa iye munamera inanso, ya mwamuna wa ku Lusaka.

Joana ataweruka, Eustace anamufunsa pamaso panga.

"Ku Lusaka unapita kuchita chani?"

"Nipatseni nthawi, atate a Faith. Zikapola nizakuuzani zonse. Koma pa Chinayi nifunika kubwelelako, ni tsiku lamene ananipatsa."

"Anakupatsa ndani?"

Joana anayang'ana ine, n'kuyang'ana pansi.

"Ukakwela basi ija," anatero Eustace, "ukwele na katundu wako yense."

Lachinayi linafika n'kudutsa, Joana sanapite. Eustace anasamukira pa balaza n'kusiya kudya chakudya cha mkazi wake. Ndinkamuphikira ndine, ndipo ndikuvomera kuti ndinkamva kukoma pomuona akudya za m'manja mwanga ngati kale. Joana anayamba kutsimphina pang'ono. Faith, mwana wawo woyamba, anasiya kundilankhula.

Patapita masabata awiri Eustace anati watopa, aitane ankhoswe, mkaziyo abwerere kwao.

5

Ankhoswewo anabwera Lamulungu Misa itatha. Kumbali yathu kunali amalume athu a Josphat. Kumbali ya Joana kunali amalume ake a Julio, amene anapalasa njinga kuchokera ku Ndake atavala jekete pa dzuwa lonse lija. Panalinso amai Sophia Njobvu, amene anali mlangizi wa ukwati wawo ku tchalitchi.

Ndinalankhula ndine, ndipo ndinalankhula bwino, chifukwa ndiyo mphatso yanga. Nditamaliza, a Julio anapukuta thukuta n'kunena kuti iwo anathawa nkhondo ali mnyamata, akhala m'dziko lino zaka zoposa makumi atatu, koma mpaka lero mwana wawo akadwala chimfine anthu amati ndi mankhwala a ku Mozambique. A Josphat anati mawu sathandiza, amayi akaone miyendoyo.

Tinalowa kuchipinda atatu. Joana anakweza chitenje yekha. Mizere ija inali itaderatu kuposa tsiku ndinaiona, ndipo potupa paja panali pataumirira. Amai Sophia anavala magalasi, anagwada, n'kuyendetsa chala pa mzere umodzi.

"Amai a Natasha," anatero, kunditchula dzina la mwana wanga, "imwe munakulila ku munzi. Mphini atema na chani?"

"Na lezala."

"Manje onetsani pamene lezala yapita. Khungu ili ni losatemeka. Kuda uku kuli mukati."

Ndinawerama n'kuyang'anitsitsa. Zinali zoona, panalibe chipsera ngakhale chimodzi. Koma ine ndi ine, ndinati ng'anga za masiku ano zili ndi njira zambiri.

Joana anatsitsa chitenje. Anatsegula Baibulo lake n'kutulutsa pepala lopinda, anatenganso foni.

"Tiyeni pa balaza," anatero. "Ninafuna kusunga ulemu wa anthu awili. Manje nalema."

6

Anapereka pepalalo kwa a Josphat. Linali la chipatala china cha pulaiveti ku Lusaka. Joana anafotokoza mosathamanga, ngati ali m'kalasi. Atabereka mwana wachitatu, komanso chifukwa choimirira tsiku lonse pa bolodi, timitsempha ta m'miyendo mwake tinatulukira pamwamba, tofiirira, toyanga ngati ukonde wa kangaude. Ku Lusaka adokotala amabaya timitsemphato ndi kajakisoni kakang'ono, mankhwala ake n'kutitseka kuti tiume n'kuzimirira. Timadontho tija munali molowa jakisoni. Mizere yakuda inali magazi otsalira m'timitsempha totsekedwato. Masokosi anali oti azifinya miyendo kuti magazi asaunjikane. Kuyenda madzulo, kupewa dzuwa ndi madzi otentha, zonse zinali zolembedwa pa pepalapo, chimodzichimodzi, ndipo a Josphat anaziwerenga mokweza. Lachinayi lija linali tsiku loti adokotala akatulutse magazi ogwidwa m'malo otupa aja asanadetse khungu.

Ng'anga ya Rita inali ndi chidindo ndi nambala ya foni.

"Nanga unabisilanji?" anafunsa Eustace. "Ine ninakambapo chani pa miyendo yako?"

Joana anayatsa foni n'kuiika pa tebulo.

Inali vidiyo ya khitchini pate ija ya ku Petauke. Ng'oma zikulira, Joana ali pakati, diresi lofika m'mawondo, chitenje m'chiuno. Kenaka panamveka mawu pa maikolofoni, akuluakulu, okondwa. Anali mawu anga.

"Onani mkazi wanga! Kuvina aziwa, koma miyendo ili monga mapu ya misewu ya ku Tete! Mlongo wanga akasoba njila yopita kwa apongozi, angoyang'ana pa mwendo!"

Holo yonse inaphulika ndi chiseko. Wojambulayo anatsitsa foni n'kuonetsa miyendo ya Joana pafupi. M'vidiyomo Joana anapitiriza kuvina akumwetulira, koma dzanja lake linali likukokera chitenje pansi.

Ndikulumbira kuti mawu amenewo ndinali nditawaiwala. Kwa ine anali nthabwala ya chilamu, imodzi mwa mazana, yonena lero mawa n'kuiwala.

"Vidiyo iyi inazungulila mafoni ya Nyimba yonse," anatero Joana. "Ana a mu kalasi yanga ananipatsa dzina, Madamu Mapu. Tsiku lina ninapeza mwendo wojambulidwa pa bolodi, na misewu, na dzina la Tete. Ninabwela kunyumba kuti nikuuzeni, atate a Faith. Ninakupezani pa mpando uwo, muonelela vidiyo yamene iyi, museka mpaka kugwila pa mimba. Munabweleza katatu. Manje ningauze ndani? Amuna anga awili onse anaseka."

A Julio ankayang'ana chipewa chawo. Eustace anaphimba nkhope ndi manja.

Ine pakamwa panga, pamene sipanasowepo mawu chibadwire, panauma. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo, ofika m'mafupa. Ndinagwada pa simenti n'kunena kuti, "Mkazi wanga, nikhululukile."

"Ukani, amai a Natasha," anatero Joana. "Simenti izakupwetekani mawondo."

Zaka khumi ndi chimodzi anali asananditchulepo choncho.

7

A Julio anafuna kumutenga mwana wawo tsiku lomwelo. Joana anakana, anati iye sanalakwire munthu, ndiye sachoka pa nyumba pake. Amene anachoka ndinali ine. Eustace anandinyamulira chikwama mpaka pa siteshoni. Rita atationa anatanganidwa ndi kusanja nthochi zosanjidwa kale.

Sabata yotsatira Eustace anapita ndi mkazi wake ku Lusaka. Adokotala anatulutsa magazi amene anatha kutuluka, koma anati nthawi yabwino inali itadutsa. Anawafotokozera kuti magazi akakhalitsa pansi pa khungu amasiya mtundu wonga dzimbiri, ndipo pa khungu lakuda ngati lathuli umachedwa kuchoka, miyezi yambiri, mwina chaka. Ananenanso kuti kudaku kumabwera ngakhale kwa amene asunga malangizo onse. Eustace anandiuza zimenezi kuti mtima wanga ukhale pansi. Sunakhale pansi, chifukwa ndikudziwa amene anaponya masokosi pa mbaula, ndiponso amene analetsetsa ulendo wa Lachinayi.

Banja lawo lilipo. Eustace anabwerera kuchipinda patapita nthawi, ndipo ndamva kuti madzulo amayenda limodzi mpaka kumsewu waukulu, anthu n'kumati wadyetsedwa. Akanena zimenezo pamaso panga ndimawalalatira.

Mwezi watha ndinapitako ku ubatizo wa mwana wawo wotsiriza. Joana anavala diresi lofika m'mawondo. Mizere yambiri inazimirira, timitsempha tija kulibe, koma kuseri kwa bondo lamanzere kwatsala mzere umodzi wofiirira, wautali ngati chala. Saubisa. Anandilandira bwino, anagwada pondipatsa moni, anandipatsa mpando wabwino ndi chiwindi cha nkhuku. Titatsala awiri kukhitchini ndinayesa.

"Mkazi wanga, wanenepa. Mlongo wanga akudyetsa chani?"

Anamwetulira mwaulemu, ngati mmene amamwetulirira makolo a ana a sukulu.

"Madzi yosamba naika, amai a Natasha. Mukafuna yakupya muniuze."

Inu amene mukuwerenga, makamaka alamu anzanga amene mwambo unatipatsa chilolezo chonyoza, ndilibe nzeru zambiri zokupatsani. Ndinaona zizindikiro zambiri n'kuzilumikiza bwinobwino, koma funso loti kodi ine ndinachitapo chiyani silinandifikire m'mutu ngakhale kamodzi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinafunsa Rita m'malo modzifunsa ndekha. Munthu akaseka nanu pamene mukumuseka, yang'anani dzanja lake, mwina likukokera chitenje pansi.

Adokotala akuti mzere wa kuseri kwa bondo uja mwina udzatha chaka chamawa. Za dzina lija ankanditcha palibe dokotala amene wandilonjeza kanthu. Ndikamva foni ikulira ndimaithamangira, ndipo nthawi zina amakhaladi Joana, kundifunsa za mvula ndi za nsawa. Ndimamvetsera mpaka mawu omaliza, kudikira kuti mwina lilime limuterereka anene kuti "amuna anga." Mpaka lero silinatererekepo.